Mphanda za Mpweya Zomwe Ndinapala ndi Tupa

Ntchito imeneyi inandipeza ndili pa Biwi, pansi pa malata awiri, ndikukonza maloko ndi makina osokera. Ndinali nditapuma ku Kanengo, kumene ndinagwira zaka makumi atatu m'fakitale ya fodya ngati fita. Fita ndi munthu amene amalumikiza zitsulo za makina kuti zigwirane popanda kugwedera. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Zotsalazo ndinaphunzira ndi manja. Pa zaka zonsezo palibe chitsulo chomwe ndinamanga ine n'kubwerera kwa ine kuti ndikonzenso.

Tsiku lina kunabwera mayi wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri, atanyamula kandodo kachitsulo ka mizere ngati bawuti yaitali. Kanali kopindika pang'ono. Amakaniko atatu anali atawauza kuti akagule kena. Ine ndinakagubuduza pagalasi, ndinaona pomwe kakudumpha, ndinakawongola ndi nyundo yamtengo. Mayiwo anaonerera. Nditamaliza anandifunsa ngati ndimatha kuwerenga veniya, chida choyezera kukula kwa chinthu mpaka pa kachigawo ka milimita. Ndinawayankha kuti veniya ndinayamba kuwerenga iwo asanabadwe. Anaseka, n'kunena kuti ndikafike ku Area 25 Lolemba.

Amenewo anali Mayi Gondwe. Makolo awo ndi akumpoto, ndipo ankanditchula kuti Adada. Anaphunzira zokonza makina a m'chipatala. M'galaja ya kuseri kwa nyumba ya bambo awo anaikamo mapulinta atatu. Si mapulinta a mapepala. Awa amadya ulusi wa pulasitiki wokulungidwa pagudumu. Kamlomo kotentha kamasungunula ulusiwo n'kumauyala mzere pamwamba pa mzere, monga womanga amayalira njerwa, mpaka chinthu chitaima. Mapulani a zinthuzo sagulidwa. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana amawajambula pakompyuta n'kuwaika pa intaneti kuti aliyense atenge, asinthe, abwezenso komweko. Mayi Gondwe ankatenga n'kusintha miyeso kuti igwirizane ndi timapaipi tomwe timapezeka kuno.

Tinkapanga zopanira mchombo wa khanda, zogwirira za tochi yoonera m'khutu, ndi mabatani a makina akale omwe zipangizo zake zinasiya kubwera. Koma chomwe ankachifuna kwambiri m'tizipatala ta m'makwalala chinali mphanda. Ndi kachinthu kotalika ngati chala, ka milomo itatu. Mlomo umodzi umalandira mpweya wa okosijeni kuchokera kumakina, iwiri inayo imaugawa kwa odwala awiri. Kumene kuli makina amodzi ndi ana awiri obanika, kamphanda kameneka ndi kamene kamachititsa kuti namwino asasankhe mwana.

Ntchito yanga inali yomalizitsa. Chinthu chikachoka pamakina, ndinkathyola timiyendo tochirikiza ndi pulayasi, kudula ndevu za pulasitiki ndi kampeni, kuyeza milomo ndi veniya, kenako kuyesa m'madzi. Kuyesa kwake n'kotere: umatseka milomo iwiri ndi tizitsekero ta labala, wachitatu umalumikiza ku pampu ya njinga, umamiza mphandayo m'beseni la madzi a sopo, n'kupopa. Thovu likatuluka ngakhale limodzi, chinthucho chimapita m'bini. Likapanda kutuluka, umachiumitsa, kuchiika m'kapepala ka pulasitiki, kumata, n'kuchonga.

Tsiku loyamba Mayi Gondwe ataona matupa anga atatu okulungidwa m'nsanza anati, "Adada, awo asakhudze thupi la mphanda. Dulani ndevu zokha." Ndinavomera ndi mutu. Sindinafunse chifukwa. Mumtima ndinkati mwana wa kompyuta sangandiphunzitse za tupa. Mapulintawo ankakhala m'mabokosi otseka chifukwa cha fumbi, ndipo ine sindinawerame n'kamodzi komwe kuti ndione momwe amamangira m'kati mwa chinthu. Ndinkangolandira chatha.

Chomwe chinkandinyansa chinali khungu lake. Chinthu chotuluka pa pulinta chimakhala ndi timizere, chokhakhala ngati lilime la mphaka. Ku Kanengo ntchito yotere ukanaibisa kuti kapitawo asaione. Kwa ife amisiri a zitsulo dongosolo ndi limodzi: umapanga, umayesa, ukatsimikiza kuti chili bwino umachisalalitsa kuti chiwale. Kusalalitsa kumabwera pomaliza. Ndi mmene anandiphunzitsira, ndi mmene ndinaphunzitsira ena.

Nditagwira miyezi inayi, kunabwera dalaivala wina kudzatenga zopanira mchombo. Anatola mphanda imodzi patebulo langa, n'kuikhula ndi chala chachikulu. "Izi ndiye za kuchipatala, madala? Zikungokhala ngati zidole za pamsika." Ananena akuyang'ana ine. Ndinapitiriza ntchito yanga. Koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba ku Kawale, ndinagona nawo, ndinadzuka nawo.

Lachisanu la sabata imeneyo Mayi Gondwe anapita kumaliro ku Area 36, n'kundisiya ndekha. Panali mphanda khumi zoti ndimalize. Kachipatala kena ka ku Chinsapo kanali katapempha zisanu ndi imodzi. Ndinayesa zonse khumi m'madzi, zonse zinapambana. Zitatu zinali zonyansa kwambiri, chifukwa ulusi woyera unathera pakati ndipo tinalumikiza wofiira, moti zinatuluka zamawangamawanga. Zimenezo ndinaziponya m'katoni pansi pa tebulo, ndinati sizingapite kwa anthu. Zisanu ndi ziwiri zotsalazo ndinazimanga pa vayisi, chopanira zitsulo, imodziimodzi. Ndinayamba ndi tupa, ndinamaliza ndi sandipepala wonyowa. Zinatuluka zosalala ngati dzino. Zisanu ndi imodzi ndinaika m'timapepala, kumata, kuchonga, kutseka katoni ndi tepi. Yachisanu ndi chiwiri ndinaika m'thumba la jekete kuti ndikawaonetse mayi a kunyumba. M'madzi sindinazibwezerenso. Zinali zitapambana kale.

Lolemba katoniyo inapita ku Chinsapo. Mayi Gondwe sanaitsegule. Anaona kuti ndachonga, zinawakwanira.

Lachiwiri magetsi anazima tisanayambe ntchito. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala. Mapulinta anangokhala duu. Posowa chochita ndinatenga mphanda imodzi yomwe inatuluka Lolemba, ndinaimanga pa vayisi, ndinayamba kuipala. Panali kachotupa pafupi ndi pomwe milomo imagawikana. Ndinakanikiza pang'ono. Tupa n'kulowa.

Ndinaima. Pamalopo panali bowo, ndipo m'bowomo munali mdima. Ndinatenga sowo, ndinaidula pakati. M'kati simunali pulasitiki wolimba monga ndinkaganizira. Munali tizipinda tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, topanda kanthu. Chomwe chinkasunga mpweya chinali khungu lokha, timizere titatu kunja ndi tina m'kati, tomwe tinamatana pamodzi. Timizere tomwe ndinkadana nato ndito tinali khoma. Pomwe ndinapala panatsala pochepa ngati chigoba cha dzira, ndipo pa milomo, pomwe khoma ndi lopyapyala kale, kuwala kunkadutsa.

Ndinapisa m'thumba la jekete. Ya Lachisanu ija inali momwemo. Ndinaika tizitsekero, ndinalumikiza pampu, ndinamiza. Ndinapopa kamodzi. Timathovu ting'onoting'ono tinayamba kukwera kuchokera m'khosi mwa mlomo umodzi. Ndinapopa kachiwiri. Tinatuluka mbali zitatu, ndipo kapaipi ka pampu kanavuka kokha chifukwa mlomo unali woterera.

Mayi Gondwe anali pakhomo la galaja, atandifulatira, akulemba pafoni. Ndinaganiza zokhala chete. Ndalemba zimenezi chifukwa ndi zoona. Ndinadziuza kuti mwina mphandazo zikadali m'katoni, mwina zinzake sizikutaya, mwina ndikhoza kupanga zina mawa n'kukasinthitsa mwakachetechete. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali ndisanaimepo pamaso pa mwana n'kunena kuti ndalakwa. Thovu linkapitirira kukwera m'beseni.

"Mayi, tabwerani muone."

Anabwera, anayang'ana m'madzi, anayang'ana zidutswa ziwiri za pa vayisi. Anatulutsa mphandayo m'beseni n'kuisisita ndi chala.

"Iyi ndi ya liti?"

"Ya Lachisanu."

"Zinzake za ku Chinsapo munazipala zonse?"

"Zonse."

"Adada, ndinakuuzani chiyani za tupa?"

"Munandiuza."

Anangoika mphandayo patebulo. Bola akanandikalipira. Anaimba foni kwa Sisita Banda, namwino woyang'anira chipinda cha ana kukachipatala kaja, n'kuika mawu pamtunda kuti nanenso ndimve. Sisita anati mphanda imodzi anaiyamba dzulo madzulo. Inali ikugawa mpweya kwa makanda awiri. Mmodzi anali bwinoko. Winayo, mnyamata wa masabata asanu wodwala chibayo, anali akutsika kuyambira m'mawa. Anali atatsegula makina mpaka pomaliza koma sizinkasintha, ndipo ankaganiza kuti makinawo ndi amene akutha mphamvu. Anali ataitanitsa ambulansi kuti mwanayo apite kuchipatala chachikulu, koma inali kutali ndi wodwala wina. Mayi Gondwe anawafotokozera mwachidule, n'kuwauza kuti akulunge mphandayo ndi pulasitala molimba ndipo asatsegule zisanu zinazo. Sisita anafunsa ngati angoichotsa. Kenako anadziyankha okha kuti akaichotsa, mpweya upita kwa mwana mmodzi, ndipo iwo sangauze mayi winayo kuti wake adikire.

Kupanga mphanda imodzi kumatenga maola awiri, ndipo magetsi kunalibe. Yomwe inatuluka Lolemba ndinali nditaidula ndi sowo. Mayi Gondwe anayang'ana mashelefu onse. Ine ndinagwada, ndinakoka katoni ya pansi pa tebulo, ndinatulutsa zamawangamawanga zitatu zija. Anandifunsa chifukwa chake zinali kumeneko. Ndinati zinali zosaoneka bwino. Anandipatsa pampu. Tinayesa imodziimodzi, iwo atagwira, ine ndikupopa mpaka mkono kuwawa. Madzi anakhala bata katatu konse.

Anati apita okha. Ndinakana. Ndinati chomwe ndaononga ine ndikachiona ine.

Tinakwera njinga zamoto ziwiri za kabaza. Kuchoka ku 25 kukafika ku Chinsapo si pafupi, ndipo ine njinga zimenezi ndimaziopa. Tsikulo ndinkamuuza wakabazayo kuti awonjezere moto. Mphanda zitatu zinali m'thumba la malaya, pamtima, ndipo dzanja limodzi silinachokepo. Titalowa m'Chinsapo anatidutsitsa njira yachidule ya m'makwalala. Tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Panali maliro. Aliyense amadziwa lamulo lake: umatsika, kuzimitsa injini, kuvula chipewa, kukankha njinga mpaka utadutsa masamba a mbali inayo. Tinatsika. Azimayi ankaimba m'nyumba, azibambo atakhala m'mbali mwa mpanda akutiyang'ana. Ndinayenda pang'onopang'ono monga mwambo umafunira, chipewa kumanja, miyendo ikufuna kuthamanga. Sindinafunse kuti wamwalira ndani, wamkulu kapena mwana. Sindinkafuna kudziwa.

Kachipatalako kali ndi magetsi a dzuwa, choncho makina a mpweya ankalira pakona. Sisita Banda, mayi wamfupi wa mawu okuluwika, anatilozera pampopi kuti tisambe m'manja, n'kutipatsa magolovesi. Makanda awiri anagona pabedi limodzi, aliyense ndi kapaipi m'mphuno. Pakati pawo panalendewera ntchito yanga, itakulungidwa pulasitala ngati chala chovulala. Nditayandikiza khutu ndinamva ikulira pansipansi, tsiii.

Mnyamatayo ndinamuzindikira popanda wondiuza. Pakupuma paliponse khungu la pansi pa nthiti linkalowa m'kati. Milomo inali yakuda. Sankalira. Kuphazi kwake anamupana ndi kachida koonetsa kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Sisita anati amafuna nambalayo ipitirire 90. Inali pa 84. Mayi ake, mtsikana wochokera ku Chigwirizano, anakhala pansi pambali pa bedi atagwira kadzanja ka mwanayo ndi zala ziwiri.

Sisita anapukuta mphanda yamawangamawanga ndi sipiriti, kunja ndi m'kati, n'kuigwedeza kuti iume. Anati posintha ana onse awiri akhala opanda mpweya, ndiye pasakhale kuganizaganiza. Anadula pulasitala ndi sizasi. Timapaipi tonse titatu tinavuka pa yosalala ija popanda kukoka n'komwe. Anatenga yatsopano, analowetsa kapaipi kochokera kumakina, kanalowa theka n'kukana. Timizere tinkaluma labala. Magolovesi awo anali onyowa ndi sipiriti, zala zinkaterereka. Nambala inatsika kufika pa 82.

"Agogo, manja," anatero Sisita.

Ndinagwira. Kulowetsa paipi pa mlomo wokhakhala sumakankha molunjika, umapotoza uku ukukankha. Zimenezo manja anga amazidziwa popanda ine. Koyamba, kachiwiri, kachitatu. Ndinakoka kalikonse kuti ndione ngati kavuke. Sikanasunthe. Ndinayandikiza khutu. Kunalibe kulira kulikonse kupatula makina.

Kenako panalibe chochita. Tonse tinayang'ana kachida kaja. Kanakhala pa 82 nthawi yomwe kwa ine inali ngati chaka. Kanapita pa 81. Mayi Gondwe anagwira chitsulo cha bedi. Kenako 83. Kenako 85, n'kubwerera pa 84, n'kukweranso. Sisita ankakonza kapaipi ka m'mphuno, akuyankhula ndi mwanayo pansipansi, kumutchula kuti bambo a nyumba, kumuuza kuti asiye ulesi. 87. 89. Pa 91 mwanayo anakwinya nkhope n'kulira kamawu kakang'ono ngati ka mwanawamphaka.

Sisita anandiyang'ana. "Agogo, pumani nanunso. Mphanda ili ndi milomo iwiri yokha yotulutsa mpweya, wa inu palibe."

Ndi pomwe ndinazindikira kuti malaya anga anyowa mpaka m'chiuno.

Mtsikana uja anatembenuka ali chogwada, anawomba m'manja mwaulemu, n'kuyamba kundithokoza, akunditchula kuti adokotala. Mayi Gondwe anayang'ana pansi. Akanatha kundisiya ndilandire, ndipo Sisita sakananena kanthu. Ndinamuuza mtsikanayo kuti ine si dokotala, ndine fita, ndipo asandithokoze. Ndinamuonetsa yosalala ija. Ndinati iyi ndi imene imataya mpweya wa mwana wake kuyambira dzulo, ndipo inkataya chifukwa ine ndinaipala kuti ioneke bwino.

Anasiya kuwomba m'manja. Anayang'ana yomwe inali m'dzanja langa, anayang'ana yamawangamawanga ija pabedi.

"Iyo simunaipale?"

"Ayi, mayi."

"Musaipale."

Anabwerera kwa mwana wake. Sanandiyang'anenso.

Sisita anatipatsa zisanu zosatsegula zija, ife tinawasiyira ziwiri zonyansa. Ambulansi inafika patapita ola limodzi. Sing'anga wa pamalopo atamuona mwanayo anati apitebe kuchipatala chachikulu, chifukwa chibayocho chinali chachikulu pachokha. Sisita anandiuza kuti ndisadzitenge ngati ndine matenda onse a mwanayo. Anawonjeza kuti ndisadzitengenso ngati ndine mankhwala ake. Patapita masiku asanu ndi anayi anatumiza uthenga kwa Mayi Gondwe kuti mnyamata uja watuluka, akuyamwa. Masiku asanu ndi anayi amenewo sindinawauze mayi a kunyumba chomwe chinkandilepheretsa kudya.

Pobwerera tsiku lija tinakwera minibasi. Ndinawauza Mayi Gondwe kuti ndikatenga matupa anga ndi veniya, Lachitatu sindibwera. Anati ndisawawonjezere ntchito. Anati cholakwa china n'chawo, chifukwa anandipatsa lamulo osandipatsa chifukwa chake, ndipo anatumiza katoni osaitsegula. Ndinati lamulo linali lomveka, wosamva ndinali ine. Sitinagwirizane, ndipo mpaka lero sitigwirizana pa mfundo imeneyo.

Lachitatu ndinapitabe, ndipo magetsi atayaka anatsegula bokosi la pulinta, anaika mpando patsogolo pake, n'kundiuza kuti ndikhale. Ndinakhala maola awiri ndikuonerera mphanda ikumangidwa kuchokera pansi: khoma, tizipinda, khoma, tizipinda. Miyezi inayi ndinkagwira chinthu chomwe sindinkachidziwa, pomwe kuchidziwa kunkangofuna kuwerama.

Titatero anajambula zidutswa ziwiri zija ndi foni. Anati aziika pa intaneti pomwe pali pulani ya mphandayo, pamodzi ndi chenjezo, kuti wina ku dziko lina yemwe ali ndi tupa ndi mtima ngati wanga asachite zomwezo. Anandifunsa ngati alembe kuti anachita ndi wophunzira ntchito. Ndinakana. Ndinati alembe kuti anachita ndi fita wa zaka makumi atatu, chifukwa wophunzira sakanalimba mtima kutero.

Ndikugwirabe ntchito m'galaja muja. Dongosolo ndinalisintha ndekha ndipo ndinalilemba pakhoma ndi penti: madzi ndiwo omaliza. Chinthu chikatuluka m'beseni, chomwe chimachikhudza ndi nsalu youmitsira basi. Chikagwa pansi chimabwerera m'madzi. Wina akangochikanda ndi chikhadabo chimabwerera m'madzi. Matupa ndinapita nawo ku Kawale, amanola makasu ndi zikwanje za anansi.

Dalaivala uja amabwerabe. Mwezi wathawu anatolanso mphanda patebulo langa n'kunena kuti madala, zidole zanu zija sizinasinthe. Ndinamulanda, ndinaimiza m'beseni, ndinapopa iye akuonerera. Madzi anakhala bata. Ndinaiumitsa, ndinaimata m'kapepala, ndinachonga, ndipo ndinamuuza kuti akafuna kugwira kanthu azigwira chiwongolero.